Maliro a Namgumi ku Balbriggan

Kuno ku Ireland ndakhalapo pa maliro angapo, koma amene ndinalira mpaka maso kutupa anali a chinyama cha m'nyanja. Musafulumire kuseka. Tinalipo ambiri tsiku limenelo, ena ndi madigiri awo, ndipo palibe amene anabwerera kwawo ndi mpango wouma.

Zonse zinayambira kumunda kwa a Magdalene. Iwowa ndi anzanga a kuntchito. Tonse timasamalira okalamba panyumba ina kuno ku Balbriggan, ndipo ndimawaitana kuti achemwali poti ndi aakulu kwa ine, ngakhale kwawo ndi ku Ntcheu, ine kwathu ku Mulanje. Ine ndine Evelyn, amene anthu a kutchalitchi kwathu amati pakamwa pake palibe chitseko. A Magdalene ndi ofatsa, koma kufatsa kwake n'kwa bulu: akaima, aima.

Pakati pa okalamba athu panali gogo wina wamkazi wovuta zedi, amene sankalola kusambitsidwa ndi wina aliyense kupatula a Magdalene. Gogoyo atatisiya, mwana wake, bambo Fintan, mlimi wa mbatatesi ndi kabichi kunja kwa tauni, anabwera kudzathokoza, nafunsa a Magdalene chimene angawachitire. Ena akafunsidwa choncho amati maluwa, ena chokoleti. A Magdalene anati, "Ndipatseni polima."

Bambo Fintan anaseka, koma anawapatsadi kachigawo kumunsi kwa munda wawo, pafupi ndi mpanda wa zitsamba, pamalo otsika pomwe thirakitala imatitimira. Ukaima pamenepo umaona sitima zopita ku Dublin zikudutsa, ndipo kuseri kwa njanji, chapatali ndithu, kuli nyanja.

Mbewu zinalipo kale, ndipo nkhani yonseyi yagona pa mbewuzo. Mayi awo a Magdalene anamwalira iwo adakali ku hositelo ya anthu odikira mapepala, nthawi imene munthu ukangotuluka m'dziko muno ndiye kuti watsanzikiratu. Maliro anawaonera pafoni atakhala pabedi, chithunzi chikuimaima, ndipo itakwana nthawi yotsitsa bokosi foni ya mlongo wawo inazima. Analira chamumtima poopa kusokoneza mayi wa dziko lina amene ankagona naye chipinda chimodzi. Patapita miyezi, munthu wina wochokera kumudzi anawabweretsera kabotolo ka mankhwala a chifuwa, m'kati mwake muli nthanga za maungu zimene mayi awo anayanika ndi manja awo chaka chomalizacho. Kabotoloko kanayenda nawo nyumba ndi nyumba zaka zonse zimene analibe polima. Akawasowa mayi awo, ankakagwedeza pafupi ndi khutu kuti amve nthanga zikulira.

Koma nthanga nazo zimakalamba. Atazifesa m'timakapu ta yogati pawindo, zambiri zinaola, n'kumera zowerengeka chabe, ndipo m'botolo simunatsale kanthu. Ndiye mutha kuona nokha. Maungu ochepawo akanapanda kubereka dzungu lokhwima, mbewu ya mayi awo ikanathera pomwepo.

N'chifukwa chake ankawalera ngati ana obadwa masiku osakwana. Ine ndinkawaperekeza kumundako ndi cholinga chimodzi, sindibisa: nkhwani wotendera. Koma ndikangotambasula dzanja kuti ndithyoleko, ndinkamva kumbuyo kwanga, "Evelyn, awiri okha!" Masamba awiri, anthu inu, kwa mayi wamkulu ngati ine.

Mwezi wa July kunagwa mvula ya kuno, yosadziwa kuleka, madzi n'kudikha pakati pa maungu. Anali atayamba maluwa, ndipo tsinde limodzi linali ndi kadzungu kake kongana ndi chibakera cha mwana. Lachisanu titaweruka, a Magdalene anatenga khasu lawo, poti zokumbira za kuno zopondera ndi phazi amati n'zoseweretsa, nayamba kukumba ngalande yoti madzi atsikire kumpanda. Ine ndinawagwirira ambulera, yomwe ndi ntchito nayonso.

Ngalande itafika m'mawondo, khasu linalira mwachilendo. A Magdalene analiika pambali, nagwada, nayamba kufukula matope ndi manja.

"Evelyn, tabwera."

"Mwala uwo, achemwali. Dziko lino ndi miyala yokhayokha."

"Mwala umakhala ndi zala?"

Ndinasuzumira. Pansipo panali mafupa ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ondandalikana bwinobwino m'mizere inayi, aakulu kumtunda, n'kumachepa cha kunsonga. Ife ntchito yathu ndi kugwira manja a okalamba tsiku ndi tsiku, manja amene mafupa ake amachita kuonekera pakhungu. Sitinafune munthu wotiuza. Linali dzanja. Lalikulu modabwitsa, inde, koma azibambo ena a kuno ndi zimphona; bambo Fintan omwewo akakupatsa moni, dzanja lako limasowa.

"Ndalima pamanda," anatero a Magdalene motsitsa mawu.

"Mwina ndi ng'ombe, achemwali."

"Unaiona kuti ng'ombe ya zala?"

"Okay, ngakhale akhale munthu, ndi mzungu wakalekale. Mwambo wa ku Ntcheu ukumukhudza bwanji? Mwambo umenewo unatsala pa eyapoti ku Lilongwe, sunapatsidwe viza."

"Wakufa alibe mtundu, Evelyn."

Ndinadziwa chimene chinkawalasa mumtima. Kwathu pamanda salimapo, ndipo chomera pamenepo sichilowa mumphika ngakhale njala ivute chotani. Mango a kumanda amaolera pansi ana akuwayang'ana. Ngati mwini dzanjayo anali munthu, a Magdalene sakanakolola dzungu lija, sakanatengamo nthanga ngakhale imodzi. Anayang'ana kadzunguko kwa kanthawi, kenaka anavula chitenje chimene anamanga pamwamba pa yunifomu, nafunditsa mafupawo, natsindira m'mbali ndi miyala kuti mphepo isachiulutse.

Bambo Fintan anali atapita ku ukwati kutali, kumadzulo kwa dziko lino, ndipo foni yawo inkangolira osayankhidwa. Ine ndinati tiimbire a Garda, apolisi a kuno. A Magdalene anakana, amvekere munda uli ndi mwini wake, mlendo sayitanira apolisi pakhomo pa eni. "Koma amene tamuvundukula munthuyu ndife," anatero. "Sitingamusiye yekha ngati galu." Ndiye anaimbira Mayi Scholastica a ku Finglas, amene amatsogolera amayi a kutchalitchi kwathu, kungowapempha pemphero.

Kupempha pemphero kwa Mayi Scholastica n'chimodzimodzi kulengeza pa wailesi. Nkhani inagwera pagulupu ya Amalawi ya pafoni, ndipo paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. Dzuwa lisanalowe, dzanja lija linali litasanduka banja lathunthu, ana ndi agogo omwe, ndipo bambo wina wa ku Cork, amene sanapondepo ku Balbriggan, ankachita kulumbira kuti anali asilikali. Wina analemba kuti aliyense amene anadyapo nkhwani wa a Magdalene apite akamupempherere. Amene anadyapo ndinali ine ndekha, masamba awiriawiri aja.

Loweruka m'mawa sitima inatsitsa amayi ochokera mbali zonse za Dublin, zitenje pamwamba pa majini, maduku kumutu, mafulasiki a tiyi ndi mandasi m'majumbo. Mayi Scholastica anayala mapepala apulasitiki paudzu wonyowa natikhazika mozungulira chitenje chija, miyendo yotambasula ngati kwathu. Azibambo angapo, motsogozedwa ndi a Manfred oyendetsa basi, anakaima chapatali kumpanda monga amachitira amuna pa maliro, nkhope zachisoni, pakamwa nkhani za mpira.

Poyamba tinkangoimba mwaulemu, ngati anthu obwerekedwa. Ulira bwanji munthu wosamudziwa ndi dzina lomwe? Ine ndinkangoganiza za msana wanga ndi chinyezi chimene chinkalowa m'chitenje. Kenaka, pakati pa nyimbo ina, a Magdalene anatulutsa mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo chiwadziwireni.

"Amayi ine! Amayi anga ine, ndinali kutali!"

Anaweramira pachitenje chija, thupi lonse likugwedezeka. Apo ndiye zinatithera tonse. Paudzu paja panalibe ngakhale mmodzi amene sanaonerepo maliro pafoni. Ine mchimwene wanga Bennet anaikidwa m'manda ndili pantchito, ndikumwetsa nkhalamba phala, foni ikunjenjemera m'thumba. Ndinamulira tsiku limenelo, ndi mawu onse, misozi ndi mamina omwe, ndipo sindichita nazo manyazi. Kumpanda kuja nkhani za mpira zinazima. A Manfred anatembenukira kunjanji ngati akuwerenga mabogi a sitima, koma mapewa awo ankawaulula.

Misozi itaphwa, tiyi atayamba kuyenda, ndinaona Mwaiwawo ali m'ngalande. Mwaiwawo ndi mayi wa msinkhu wanga, kwawo ankagwira ntchito za ulimi, ndipo kuno akuchita maphunziro apamwamba a za nthaka, amakhala ku Drumcondra. Nayenso maso anali psuu, poti bambo ake anawaikanso iye kulibe. Koma munthu wa nthaka ndi wa nthaka: ataona dzenje, miyendo inamutenga yokha. Anatola tinthu tina toyera m'matope, kenaka anakweza ngodya ya chitenje n'kusuzumira.

"Mwaiwawo!" anakalipa Mayi Scholastica. "Sukulu isakuchotse ulemu. Maliro amawavundukula choncho?"

"Pepani anti. Koma taonani izi, ndi zigoba za nkhono za m'nyanja, ngalande yonseyi zadzaza. Komanso zala izi, ma joint ake akuchuluka."

"Ndiye ukufuna kunena chiyani?"

"Sindikudziwa, anti. Mafupa si field yanga. Koma pali wina amene ndingamutumizire chithunzi."

Mayi Scholastica anati kujambula wakufa ndi chipongwe. A Magdalene, amene mawu anali atawasasa, anangogwedeza mutu kuti ajambule. Ndinaona maso awo akuthamangira kwa kadzungu kaja, n'kubwerera msanga ngati munthu woopa kuyembekezera.

Chamasana tinaona galimoto ikutsika m'munda. Anali bambo Fintan, adakali mu suti ya ukwati, duwa pachifuwa. Mnansi wawo anali atawaimbira kuti m'munda mwawo mwadzaza amayi ovala nsalu zamaluwamaluwa, akuimba. Ndinati lero tithamangitsidwa. A Magdalene anaimirira nafotokoza zonse. Bamboyo anayang'ana chitenje chija, anayang'ana ife, navula chipewa. Anati agogo awo sanatchulepo za manda kumunsi kuno, koma ndani amadziwa zonse za m'nthaka. Anaimbira a Garda, nakwera galimoto n'kuchoka. Posakhalitsa anabwerera ndi ketulo yaikulu ndi mulu wa masangweji. Kani kuno nakonso amadziwa kuti maliro n'kulirana.

Wapolisi anabwera, anasuzumira pansi pa chitenje, anakanda kumutu, nati zimenezi zikufuna odziwa mafupa. Anazunguliza malo onse ndi tepi yawo ija, maungu omwe m'kati, natiuza kuti wina asadutse.

Masiku otsatirawo a Magdalene ankapitabe kumunda tikaweruka, n'kukaima kunja kwa tepi, manja kumbuyo. Maluwa achikasu ankatsegula ndi kufota iwo akuyang'ana. Ndinayesa kuwanyengerera kuti tsiku lina tingodumpha tepiyo n'kuthyola dzungu likakhwima, ndani angadziwe. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti tikabe mbale ya chopereka.

"Akanena kuti ndi munthu, aolere pomwepo," anatero. Kenaka anawonjezera, "Koma Evelyn, chichokereni Loweruka ndikugona tulo. Pachifuwa panga papepuka."

Lachiwiri kunabwera Dokotala Sophie wa kunyumba yosungirako zinthu zakale, mayi wamfupi wa majombo aakulu, amene chithunzi cha Mwaiwawo chinamufika kudzera kwa mphunzitsi wina. Amene sanali pantchito anabweranso, Mayi Scholastica ndi a Manfred omwe, poti nkhani yotere munthu sumafuna kuimva kwa anzako. Dokotalayo ndinamukonda pa chinthu chimodzi: asanagwire chitenje anafunsa mwini wake, ndipo atachichotsa anachipinda bwinobwino n'kuchipereka kwa a Magdalene ndi manja awiri.

Anagwada m'matope, nayamba kupala ndi kachitsulo konga ka amisiri omanga nyumba, akusesa ndi kaburashi. Patapita kanthawi anawakodola a Magdalene kuti atsikire m'ngalande.

"Mwati mumasamalira okalamba," anatero m'Chingerezi. "Chala cha munthu chili ndi mafupa angati?"

A Magdalene anapinda chala chawo. "Atatu."

"Tawerengani apa."

Anawerenga akuloza. Anadutsa atatu, anadutsa asanu, chala chikupitirirabe.

"Ndipo onani mmene akumanirana," anapitiriza dokotalayo. "Nsonga zake n'zaphwatalala, sizipinda. Chala chachikulu palibe, ndipo sikuti chinatayika, sichinaliponso. Dzanja ili silinagwirepo khasu kapena supuni. Linali m'kati mwa chipsepse, ntchito yake kupalasa madzi."

Anatsatira mkonowo chokwera, akupala pang'onopang'ono, mpaka panaoneka fupa la phewa lotambalala ngati lichero. Pafupi nalo anafukula lina lozungulira, lokula ngati poto wa ndiwo, lokhala ndi timapiko m'mbali, nati limenelo ndi la msana. Atatero anakhala pansi m'matope momwemo, nkhope ikuwala ngati mwana amene wapatsidwa nsapato zatsopano, natchula dzina la chinyamacho. Tonse Chingerezi timamva, koma mitu inakana kulandira, mpaka Mwaiwawo anabwereza m'chinenero chathu.

"Namgumi, anti."

"Namgumi?" anatero Mayi Scholastica. "M'munda wa kabichi? Anabwera pa sitima?"

Dokotala Sophie anatola zigoba zija m'dzanja nafotokoza kuti kalekale, kusanakhale njanji kapena mpanda kapena agogo a agogo a bambo Fintan, nyanja inkafika mpaka pamene tinaimapo. Namgumiyo ayenera kuti anatsakamira pamadzi osaya n'kufera pomwepo, matope n'kumukwirira, nyanja n'kubwerera m'mbuyo kumusiya. Zaka zenizeni anati adzazidziwa akakapima kachidutswa ka fupa, koma poona dothi lake, zinali masauzande ndithu.

Ife anthu a dziko lopanda nyanja yamchere, tikanaganiza bwanji za namgumi? Ng'ombe tinaiganizira, munthu tinamuganizira, asilikali omwe. Amene anayamba kuseka anali a Manfred, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi paudzu.

"Ndiye ine ndinasinthitsa shifiti yanga, n'kutaya misozi yanga yonse, chifukwa cha usipa wonenepa?"

Dokotala Sophie atamasuliridwa anatsutsa mwamphamvu kuti namgumi si nsomba, amapuma mpweya ngati ife ndipo amayamwitsa ana ake. Bambo Fintan anati m'banja mwawo aka kanali koyamba kuphika tiyi pa maliro otere, ndipo ku malo awo omwera mowa anzawo sadzasiya kuwaseka mpaka imfa. A Magdalene okha sanaseke msanga. Anafunsa dokotalayo kuti, "Koma ndi dzanja?"

"Ndi dzanja ndithu. Simunalakwitse."

"Nanga za maunguwa, amayi?" anatero a Magdalene potembenukira kwa Mayi Scholastica, poti chigamulo cha dokotala pachokha sichikanawakwanira.

Mayi Scholastica anakonza duku lawo ngati woweruza. "Kaya amayamwitsa, kaya amapuma, bola sanali munthu. Chinyama chikafera m'munda ndi manyowa. Kololani, mayi."

Ndinaimba nthungululu imene ndikhulupirira inamveka mpaka m'sitima. Wapolisi uja, amene analiponso tsikulo, atangomasula tepi, ine ndinali kale pakati pa maungu, manja onse awiri ali pantchito.

"Evelyn, awiri okha!"

Tikanabalalika pamenepo, bwenzi nkhani itathera m'chiseko. Koma Dokotala Sophie anali atatenga ndodo yachitsulo yopyapyala, akuibaya m'nthaka apa ndi apo, ndipo paliponse pamene yagunda cholimba ankazikapo kambendera kofiira. Timbenderato tinachoka kungalande, tinakhota pang'ono, n'kulowa m'munda wa a Magdalene ngati mzere wa nyerere. Komaliza kanaima pafupi ndi tsinde lija la kadzungu.

"Mutu uyenera kuti uli apa," anatero mosangalala, osadziwa chimene akunena. "Zikuoneka kuti ali yense wathunthu, ndipo zotere sizipezekapezeka. Ndikufuna tiyambe kukumba mu August, ophunzira anga adakali patchuthi, mvula ya kumapeto kwa chaka isanayambe."

Ndinayang'ana Mwaiwawo, ndipo anandiyankha ndisanafunse, akupukusa mutu: maungu a msinkhu umenewo sawokeka, ukawazula wawapha. Mu August kadzungu kaja kakanakhala kadakali kanthete, nthanga zake madzi okhaokha.

Bambo Fintan anakanda m'chipewa. Anati munda ndi wawo, inde, koma kachigawo ako anapereka kwa a Magdalene, ndipo chopereka sachilanda pakati pa chaka. Maso onse anagwera pa achemwali anga. Apa ndiye ndinachita mantha enieni, chifukwa ndimatidziwa ife. Munthu wa udindo akatipempha kanthu m'dziko la eni, pakamwa pamayankha pokha kuti palibe vuto, mtima ukulira. Zaka za ku hositelo zinatiphunzitsa zimenezo, ndipo siziiwalika msanga. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwalankhulire, koma anandigwira pamkono.

"Adokotala," anatero m'Chingerezi chawo chodekha, "mwati wagona pano zaka zingati?"

"Masauzande."

"Nanga pano wafulumira kupita kuti?"

A Manfred anatsokomola pofuna kubisa chiseko. Dokotala Sophie sanakwiye, koma sanagonjenso msanga. Anafotokoza kuti kukumba mu October ndi chizunzo, matope mpaka m'chiuno, zala kuuma ndi chisanu, ophunzira atabwerera m'kalasi. Ndiponso mafupa amene avundukulidwa kale akhoza kufumbutuka akakhala pamtunda.

"Amene tavundukulawo tiwakwirira," anatero a Magdalene. "Kukwirira timakudziwa."

"Koma mayi, maungu mu October amadzaza m'masitolo monse. Ndikhoza kukubweretserani galimoto yathunthu."

A Magdalene anapisa m'thumba la jekete natulutsa kabotolo kaja, kopanda kanthu, pepala lake litafufutika. Sindinkadziwa kuti ankayendabe nako. Anafotokoza mwachidule, osalira, osakometsera: za mayi awo, za foni imene inazima, za nthanga zimene zinaola m'timakapu. "Zimene zatsala padziko lonse ndi izi mukuzionazi," anatero. "Kusitolo kulibe."

Dokotalayo anatenga kabotoloko nakatembenuza m'manja mwake amatope, mosamala ngati mmene anagwirira fupa la phewa lija. Anayang'ana timbendera take, nayang'ana kadzungu.

"Ntchito yanga ndi kusunga zinthu zimene zikatayika sizipezekanso," anatero. "Zingakhale zamanyazi nditayamba ndi kuwononga chimodzi. Maungu amakhwima liti?"

"Tsinde likauma."

"Tsinde likauma mundiimbire."

Tsiku lomwelo tinakwirira mkono wa namgumi ndi mchenga umene bambo Fintan anabweretsa, pamwamba n'kuyala pulasitiki. Mwaiwawo anaonetsa a Magdalene polowera ngalande ina yosadutsa pamafupa, ndipo a Manfred, pofuna kubweza ulemu wawo, anaikumba okha mpaka matuza.

Miyezi yotsatirayo inali yokoma, sindinama. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo a Magdalene kudekha ndi kwawo. Anthu aja ankati wodya nkhwani wawo akapemphereredwe anayamba kuimba foni kufunsa ngati kwatsalako kamasamba, amvekere ndiwo zomera pa namgumi ziyenera kukhala ndi mavitamini. Lamulo silinasinthe, anali awiri okha. Bambo Fintan ankabweretsa anzawo kudzaona timbendera, koma ankathera kuzunguliridwa m'maungu ndi a Magdalene, akuuzidwa poponda ndi posaponda. Dokotala Sophie anabwera kangapo, amati kudzaona ngati pulasitiki ili bwino, koma ndinamupeza atagwada akuyeza dzungu ndi chingwe chake choyezera mafupa.

Dzuwa la kuno ndi laulesi, ndipo maungu a ku Ntcheu sanalizolowere. Tina timaungu tinagwa tidakali tating'ono, lina linabooledwa ndi nkhono. Linatsala limodzi, lija loyamba lija. Silinali lokongola ngati a m'masitolo aja ofiira ngati malalanje. Linali lobiriwira motuwa, la mawangamawanga, lopindika mbali imodzi, dzungu lenileni la kumudzi. Tsinde litauma, a Magdalene analidula Lamulungu masana, nalinyamula pamutu mpaka pamsewu, magalimoto akuchepetsa liwiro kuti aone. Analisiya pawindo kuti likhwimitsitse, ndipo tsiku loling'amba kuti achotse nthanga sanandiitane. Sindinadandaule. Pali zitseko zina zimene ngakhale ine ndimadziwa kuti sagogoda.

Anthu a Dokotala Sophie anabwera ndi majombo ndi matenti, nakumba m'matope ndi m'chisanu monga ananenera, milomo ili gwagwagwa. Amayi a kutchalitchi tinkasinthana kuwapititsira tiyi ndi mandasi, poti ndife tinawachedwetsa. Mutu unapezekadi pansi penipeni pa tsinde lija, wautali kuposa bedi, mizu ya dzungu itaukumbatira.

Tsiku lonyamula mafupa tinasonkhananso, pafupifupi tonse a Loweruka lija. Mabokosi ankakwezedwa m'galimoto limodzilimodzi, ndipo la dzanja linali lomaliza. A Magdalene anapempha kuti aliyalire chitenje chija pamwamba kuti mafupa asagundane panjira, ndipo dokotala analola.

"Mayi, m'bale wanu uja akupitatu," anatero a Manfred. "Simulira?"

"Ndinalira kale, bambo," anayankha a Magdalene. "Ndipo ndinalira bwino."

Galimoto itakwera chitunda, ndinawakokera pambali a Magdalene. Funso linali litandikhala pakhosi masiku ambiri, poti dzungu likhoza kukongola kunja, m'kati muli nthanga zopanda kanthu.

"Achemwali, nanga zija?"

Anatulutsa kabotolo kaja m'thumba nakagwedeza pafupi ndi khutu langa. Sindinamve kalikonse, ndipo mtima wanga unagwa. Kenaka anakaika m'dzanja langa, ndipo ndinamva kulemera. Nthanga zinalibe polirira: kanali kodzaza mpaka pakamwa.